Chilengezo: Tikumane Loweruka pa za J. Desmond Clark ndi phanga la Chencherere

Mamembala nonse a gulu lathu la mbiri ndi chikhalidwe kuno ku Dedza, zikomo.

Loweruka likudzali tidzakumana mmawa pamalo athu a nthawi zonse. Nkhani yake ndi ya malemu J. Desmond Clark, katswiri wofukula zakale, yemwe mu 1972 anakumba m'phanga la Mwana wa Chencherere konkuno kwathu. Anapezamo zida zamiyala ndi mafupa a anthu osaka nyama, aja makolo athu ankawatcha Akafula. Mafupawo atayezedwa ndi akatswiri a sayansi, zotsatira za mu 2017 zinaonetsa kuti anthuwo anakhala kuno zaka pafupifupi 5,000 zapitazo.

Chimene chimandikhudza kwambiri ine ndi chakuti ntchitoyi inapitirira m'manja mwa Amalawi. Dr. Gadi Mgomezulu anafukula dera la Linthipe ndi Chongoni, ndipo Dr. Yusuf Juwayeyi anakumba ku Mankhamba, likulu la Kalonga, n'kupeza mikanda yagalasi ndi mapale a mbale za ku China. Mu 2006 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, inaika Chongoni, ndi malo ake 127 a zojambula pamiyala, pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse.

Aziphunzitsi, chonde bwerani ndi ophunzira anu. Tidzakambirananso za anthu amene akulemba maina awo ndi makala pa zojambulazo, chifukwa zikuwonongeka ife tikuona.

Mlembi wa gulu