Lipoti la maphunziro okonza thirakitala yakale isanapakidwe penti

A Wapampando, a komiti ndi mamembala nonse, zikomo ponditumiza ku maphunziro a masiku awiri ku Lilongwe. Malisiti a minibasi ndi malo ogona ali kale kwa a Msungichuma, ndipo alawansi inathera komweko.

Tsiku loyamba linali la malonje ndi kalembedwe ka kaundula wa dizilo, zomwe timazidziwa kale. Phindu linali tsiku lachiwiri, pomwe anatiika pa Massey Ferguson 135 yonga yathuyi.

Boneti ndi madigadi ndi malata wamba, koma injini, giyabokosi ndi ekiselo ya kumbuyo ndi chitsulo cha cast iron. Chitsulochi n'chokhakhala, chili ndi timaenje tomwe timasunga oilo zaka ndi zaka. Chimene chimasuwula penti kwenikweni ndi oilo ameneyu, dzimbiri limabwera pambuyo. Mphunzitsi anawotcha pang'ono mbali ya giyabokosi yooneka youma, oilo n'kutuluka ngati thukuta.

Ndiye grinder siyoyambira. Mukayamba nayo mumangokhwimitsira girisi m'timaenjemo. Choyamba chotsani batire, kutani pampu ya dizilo, dayinamo ndi kachitsulo ka nambala ndi pulasitiki. Palani matope a girisi ndi chitsulo chafulati, tsukani ndi palafini, kenako madzi otentha a sopo wa ufa, kawiri kapena katatu. Pukutani ndi kansalu koyera koviika mu thina. Kakada, bwerezani.

Apo m'pamene imabwera bulashi ya waya pa grinder ya mamilimita 115. Osakanikiza kwambiri, chifukwa dzimbiri limangosalala n'kumawala ngati chitsulo chabwino, penti osagwira. Magalasi ndi chotseka kumphuno n'zofunika: mawaya amathothoka, komanso penti wakale amatha kukhala ndi mtovu. Zopopera mchenga anatiletsa ngati thirakitala sinamasulidwe, poti mchenga umalowa m'maberingi.

Dzimbiri lotsala m'makona limapakidwa mankhwala a phosphoric acid, omwe amalisandutsa lakuda. Agone usiku wonse, m'mawa mupukute kaufa koyera kamene kamatsala. Tsiku lomwelo pakani penti woyambira woteteza ku dzimbiri wotchedwa red oxide, mopyapyala kawiri, chifukwa chitsulo chosakutidwa chimachita dzimbiri m'maola ochepa. Mukaona timabowo tozungulira ngati maso a nsomba, dziwani kuti oilo akadalipo.

Tsopano za kwathu kuno. Chaka chatha tinagula malita 5 a penti wofiira n'kupaka pamwamba pa girisi kuti alendo aone zokongola. Lero akusenda ngati khungwa la bulugamu. Ena tinanena pamsonkhano, koma mu maminitsi simunalembedwe. Komanso pa 135 chofiira ndi malata okha, injini ndi giyabokosi zimakhala zotuwa.

Ndamva kuti komiti ikufuna kupentanso isanafike field day. Ine ndikukana. Ekiselo yathu ikudontha kumanzere, ndipo penti watsopano pa malo odontha sangapirire mpaka kukolola. Tiyambe tasintha ma seal (timalabala totchinga oilo kuti asadonthe), tiyendetse thirakitala sabata imodzi, tione ngati kwauma. Ntchito ya penti ichitike mvula itatha, mame atauma, m'kati mwa nyumba yopanda fumbi. Nyumba yakeyo ndi shedi ija tinasonkhera K5,000 aliyense, koma mpaka lero thirakitala ikugona pansi pa mtengo wa mango. A Msungichuma atiuze pa msonkhano wa Loweruka pamene ndalamazo zafika.