Nambala ikasowa pa tchati, yambani mwayeza malo

Akonzi,

Ndiloleni ndithirirepo ndemanga pa vuto limene limazunguza mitu ya anthu okonza malipoti pa kompyuta. Tchati cha stacked bar, chija chimene mzati umodzi umakhala ndi zigawo zosanjikizana za mitundu yosiyanasiyana, chimatuluka zigawo zina zili ndi manambala, zina zili mbee. Ambiri amafulumira kunena kuti pulogalamu yasokonekera. Nthawi zambiri sikuti yasokonekera ayi. Yabisa dala nambalayo chifukwa sikukwana m'chigawo chake.

Tiwerengere limodzi. Tinene kuti tchati chanu ndi chotalika ma pixel 400 (pixel ndi kadontho kamodzi mwa timadontho topanga chithunzi pa sikirini), ndipo muyeso wa m'mbali ukukathera pa 1,000. Ndiye kuti pixel imodzi ikuimira 2.5, choncho chigawo cha 20 chikhala chotalika ma pixel 8 okha. Komatu zilembo za saizi 9 zimafuna ma pixel 12. Mapulogalamu ojambulira matchati monga Power BI, Tableau ndi Excel amachita mosiyana pamenepa. Power BI ikaona kuti nambala sikwana m'chigawo imangoichotsa osakuuzani. Tableau imachotsa nambala imene ikugundana ndi inzake. Excel ndi yosiyana: simabisa, imangounjika manambala pamodzi mpaka osawerengeka. Ndiye ngati nambala yasoweratu mu Excel, chifukwa chake chili kwina, ndipo ndifikapo.

Kuti mudziwe ngati vuto ndi malo, kuzani tchaticho chidzaze sikirini yonse. Mu Power BI gwiritsani ntchito Focus mode. Manambala akabwerera, basi mwalipeza, musavutike kufufuza m'deta.

Mankhwala ake amadalira mmene mizati yakhalira. Pa mizati yogona, chimene chimathina ndi mulitali mwa nambala, ndiye ifupikitseni. 1,245,300.00 ili ndi zizindikiro 12, pamene 1.2M ili ndi 4 zokha. Mu Power BI mumasintha zimenezi pa Display units ndi Value decimal places. Pa mizati yoimirira, chigawo chopyapyala chimasowa msinkhu, kotero kufupikitsa nambala sikuthandiza kwenikweni. Chepetsani saizi ya zilembo kapena talikitsani tchati. Onaninso ngati wina anaika pamanja malire a pamwamba a muyeso. Muyeso wofika pa 5,000 pamene mzati wautali kwambiri ukuthera pa 1,000 umafinya zigawo zonse popanda chifukwa.

Palinso njira yokakamiza. Power BI ili ndi Overflow text, imene imalola nambala kusefukira kunja kwa chigawo chake. Tableau ili ndi Allow labels to overlap other marks pansi pa Label. Zonsezi zimabwezadi manambala, koma ngati tizigawo titatu tating'ono tagundizana, mupeza manambala atatu atakwerana, ndipo amene ali pa chigawo cha mnzake amanamiza wowerenga. Kwa ine, nambala yosokera ndi yoipa kuposa yosowa. Mu Tableau ndi bwino kusankha chigawo chimodzi chofunikacho, kudina batani lakumanja la mausi, kenako Mark Label ndi Always Show.

Nanga mukakuza tchati koma manambala osabwerera? Onani ngati akusowa ndi a mtundu umodzi m'mizati yonse. Mu Excel manambala amaikidwa gulu ndi gulu: mukadina chigawo chobiriwira n'kusankha Add Data Labels, zigawo zobiriwira zokha ndi zimene zilandire. Gulu limene mwawonjezera pambuyo pake limabwera lopanda manambala. Dinani tchati chonse, osati chigawo, kenako ikani chizindikiro pa Data Labels. Mu Power BI nayonso gulu lililonse lingathe kuzimitsidwa palokha, ndiye tsegulani Apply settings to n'kuyendera magulu onse. Nthawi zina nambala ilipo ndithu, kungoti ndi yoyera pa chigawo chachikasu chowala.

Chobisika kwambiri ndi kalembedwe ka nambala mu Excel. Kamakhala ndi mbali zinayi zolekanitsidwa ndi chizindikiro cha ; motsatana chonchi: manambala oposa ziro, ochepera ziro, ziro, ndi mawu. Mbali imene yasiyidwa yopanda kanthu simaonekera. Anthu amalemba 0;;; pofuna kubisa ma ziro, osazindikira kuti abisanso manambala onse ochepera ziro. Choyenera ndi #,##0;-#,##0;; ndipo mukapeza ;;; dziwani kuti wina anabisa zonse.

Ngati chasowa si nambala yokha koma chigawo chenichenicho, bwererani ku deta. Nambala imene yasungidwa ngati mawu, ija imatsamira kumanzere kwa kabokosi ili ndi kachizindikiro kobiriwira pakona, Excel imaijambula ngati ziro. Mizere yobisidwa nayonso simalowa m'tchati pokhapokha mutalola pa Hidden and Empty Cells.

Ena amadandaula kuti chiwerengero chonse cha mzati sichikuoneka pamwamba. Chimenechi sichinasowe, sichinalipo n'kale. Pa tchati chosanjikiza Excel imangopereka Center, Inside End ndi Inside Base; Outside End kulibe. Power BI inawonjezera Total labels mu 2020, ndipo imayatsidwa payokha. Mu Excel, pa mizati yoimirira, wonjezerani gulu la ziwerengero zonse, lisandutseni mzere, ikani manambala ake pa Above, kenako chotsani mtundu wa mzerewo kuti patsale manambala okha.

Pomwe magulu ali 8 ndipo atatu mwa iwo sakufika 2 peresenti, ndinene mosabisa kuti palibe batani limene lingakonze tchati chimenecho. Aphatikizeni atatuwo akhale gulu limodzi lotchedwa "Zina", kapena ikani tebulo la manambala pansi pake, chifukwa wowerenga akaona chigawo chopanda nambala amatha kuganiza kuti ndi chosawerengedwa. Ndipo musanatumize lipoti, litseguleni mmene olandira adzalionere, kaya ndi PDF kapena pa foni. Tchati chikachepa kumeneko pulogalamu imayezanso malo, ndipo manambala amene anakwana pa kompyuta yanu angathe kusowanso.

Ine wowerenga wanu,
Wokonza malipoti