Tisamaphe nyambo tisanafike n'kumadzi komwe

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko ndi anzanga okonda kuwedza ndi mbedza, makamaka amene timasunga tinsomba tamoyo pakhomo kuti tikakole ngati nyambo. Zimandiwawa kuona munthu wavutika madzulo onse kugwira tinsomba, wathira tonse mundowa imodzi, wavundikira n'kukagona, m'mawa apeza tayandama mimba m'mwamba ndiye ayamba kunena kuti aaa timeneti sitichedwa kufa. Ayi ndithu, nthawi zambiri timatipha ndi ife eni.

Ine zinandionekera. Tsiku lina ndinatunga madzi a pampopi oyera bwinobwino poganiza kuti ndikutichitira zabwino, koma pasanathe maola angapo tinayamba kukwera pamwamba, kukamwa yasa yasa ngati tikumwa mpweya, kenako kumazungulira chammbali, kamodzikamodzi n'kumatha. Madzi a pampopi amakhala ndi klorini, mankhwala ophera tizilombo m'madzi, ndipo amawotcha zopumira za nsomba. Ngati mulibe madzi a komwe mwatigwira, tungani a pampopiwo muwasiye osavundikira maola 24 kuti klorini auluke, koma dziwani kuti kwina amathira mankhwala ena otchedwa kloramini amene sachoka pongowasiya choncho, pamafunika mankhwala ochotsera amene amagwiritsa ntchito anthu osunga nsomba m'magalasi.

Koma nkhani yaikulu kwambiri ndi mpweya ndi kutentha basi. Nsomba imapuma okosijeni amene ali m'madzimo, ndipo madzi akamatentha okosijeniyo amachepa, pa madigiri 20 lita imodzi imasunga pafupifupi mamiligalamu 9, pa madigiri 30 amatsika kufika cha m'ma 7.5, pomwe nthawi yomweyo kutenthako kumapangitsa nsomba kufuna mpweya wochuluka. Ndiye tangoganizani tinsomba tothithikana mundowa yomwe ili padzuwa. Ikani pamthunzi, gawani m'zotengera ziwiri kapena zitatu, ndipo chotengera chotakata pamwamba chimaposa chakuya chopapatiza chifukwa mpweya umalowera pamwamba pa madzi. Kapampu kopopera mpweya m'madzi, makamaka ka mabatire kamene sikaima magetsi akathima, kanandisinthira zinthu kwambiri, tinsomba timakhala tochangamuka masiku angapo. Kukatentha kwambiri ndimaponyamo botolo la madzi oundana lotseka bwino, ayisi sindithira mwachindunji chifukwa nayenso amakhala wa madzi a pampopi omwewo, komanso kuzizira kwadzidzidzi kumatikomola.

China chimene anthu amalakwitsa chifukwa cha chifundo ndi kudyetsa. Kwa masiku awiri atatu sitifa ndi njala, koma chakudya chotsala ndi zitosi za tinsombato zimatulutsa amoniya amene ndi poizoni kwa nsomba, madzi amayamba kuchita mbuu ndi kununkha. Ine ndimachotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi tsiku lililonse n'kuthira ena otentha mofanana ndi omwe alimo, pang'onopang'ono. Kakafa kamodzi chotsani pompo. Ndowa yomwe munachapiramo ndi sopo musayerekeze, ndipo musamatigwiregwire ndi manja ouma chifukwa mumachotsa kuterera kwa pakhungu kuja kumene kumatiteteza ku matenda, gwiritsani kaukonde kofewa. Pamwamba phimbani ndi ukonde, poti timadumpha usiku.

Ndipemphenso chimodzi, mukamaliza kuwedza tinsomba totsala musatitayire m'madzi ena osiyana ndi komwe munatigwira, ngakhale madzi a mundowamo musakhuthulire mmenemo. Umu ndi mmene matenda a nsomba ndi mitundu yachilendo imalowera m'mitsinje ndi m'nyanja, ndipo ikakhazikika kuichotsa n'kovuta kwabasi. Bwererani nato kunyumba mukasunge mpaka ulendo wina, kapena mukatikwirire kumtunda kutali ndi madzi.

Ine wanu,
Mlenje wa mbedza