Za mtsikana wako, tamvera kaye

Mnzanga,

Voice note yako ya mphindi 7 ija ndaimvera kawiri, koyamba ndinali mu minibasi nde kondakitala amangokuwa sindimamva bwino, kachiwiri usiku ana atagona. Ndaona kuti ndikayankha pompo pa WhatsApp tingokangana basi, bola ndilembe zazitali uwerenge ukaweruka ku saluni. Kuno tili bwino, kungoti Okutobala wa chaka chino watiwotcha heve, kaya iwe ku Joni konko.

Nkhani ya mtsikana wako. Ukuti wayamba mwano, akumayankha agogo ake mokweza, akumadzitsekera kuchipinda, kumudzutsa m'mawa ndi nkhondo, ndipo wadula chitenje chatsopano chija unawatumizira amayi. Zonsezo nzoona, sindikumuikira kumbuyo ayi, chitenjecho ndachiona ndi maso angawa. Koma zoti umutumize kumudzi kwa azakhali ake akamuwongole, apo pokha ndakana ine. Mwana wa zaka 14 amene wangolowa kumene fomu 2, JCE ikumudikira (ukudziwa eti kuti anaibweza mu 2021, si ija anaithetsa ija), umuchotse pakati pa temu ukamusiye komwe anzake a msinkhu wake ena ali kale pabanja ngakhale lamulo linasintha mu 2017 kuti ukwati uziyambira zaka 18? Ayi mnzanga.

Loweruka ndinapita ku Chilomoni, ndinawapempha amayi kuti andibwereke mwanayo andiperekeze ku Limbe kukasankha kaunjika. Njira yonse anali duu, ndikafunsa kanthu yankho lake "eya anti", "ayi anti", basi. Koma chinandidabwitsa nchoti dzuwa lonse lija iye wavala juzi, akuyenda chowerama manja atapinda pachifuwa. Nditamuyang'anitsitsa ndinazindikira. Mwana wakula, mabere atuluka, anyamata apasiteji akumamuitana mayina, ndipo palibe amene anaganizapo zomugulira bra. Amayi ako ndi munthu wamkulu, zimenezo siziwabwerera m'mutu, iwe uli kutali umangomuona nkhope pa vidiyo. Sindinayankhule zambiri, ndinangomukokera pa benchi ya mayi wina tinasankha ziwiri, nde ukanaona mmene anapumira! Pobwerera juzi inali m'jumbo.

Mu minibasi momwemo ndi mmene anatulutsa kope la hadikava m'chikwama, lodzadza ndi zojambula za madiresi, masiketi, makolala a mitundumitundu, pena walemba m'mbali kuti apa pakhale zipi apa mabatani. Chitenje cha agogo chija chinasanduka siketi, wasoka pamanja ndi singano, zipi anachotsa pa yunifolomu yakale ya ku pulayimale. Msoko wake ndi wokhota inde koma siketiyo imavalika. Ndinamufunsa kuti amayi ako unawaonetsa? Akuti, "Anti, amayi akaimba amangofunsa kuti mayeso ndakhala nambala chani ndi zoti ndidzakhale nesi, nde ndiziwauza chani china?" Mawu amenewo sanandichoke mpaka pano, nchifukwa chake ndakhala pansi kulemba.

Tadzikumbukira wekha pa msinkhu umenewu. Waiwala tsiku lija unapsa khutu ndi chipeso chotenthetsa pa mbaula ukufuna tsitsi liwongoke ngati la mtsikana wa fomu 4 uja, kenako nkuwanamiza amayi kuti wagwera pa moto? Kkkk. Ineyo tsiku lomwe ndinatha msinkhu ndinkaona ngati ndikufa, ndinabisala kuseri kwa bafa ndikulira, unandipeza ndi iweyo nkundiuza zochita ndi kansalu, iwenso utangomva kwa achemwali ako. Kenako anatitengera ku chilangizo, amayi a Mvano anatikhazika pa mphasa tsiku lonse, osathira mchere m'ndiwo ukakhala kumwezi, osalowa kuchipinda kwa makolo, gwada popereka madzi, anyamata uwathawe. Zina mwa izo zinatithandiza, sindikunyoza. Koma pa anthu onse aja panalibe ndi mmodzi yemwe anatifunsa kuti kodi iwe umakonda chani, umaopa chani, ukakhala wekha umaganiza zotani. Tinaphunzira mmene mtsikana ayenera kukhalira, koma kuti ineyo ndine munthu wotani ndinadzazitulukira mochedwa, ndili kale ndi mwana kumsana.

Ndipo pali china chimene mwina sufuna ndikukumbutse. Mphunzitsi wa masamu uja anakuimika kutsogolo nkunena kuti mutu wako ndi wa nsima basi. Unazikhulupirira zaka zingati? Unasiyiratu masamu, pa MSCE unangolowa kukasayina dzina. Lero ndiwe amene ukusunga mabuku a saluni ya eni ake, kuwerengera ma rand a anthu asanu osaphonya ngakhale kamodzi, nkumatumizanso ya fizi ndi ya lendi kuno mwezi ndi mwezi. Mutu wa nsima umenewo? Mwana wa msinkhu uwu amakhala asanadziwe kuti iye ndi ndani, nde dzina lililonse limene wamkulu wamupatsa amalitola nkulivala ngati malaya. Ukamamuuza foni iliyonse kuti ndiwe wamwano, ndiwe waulesi, tsiku lina adzangoti chabwino ndine amene, nkuyamba kukhaladi choncho.

Ine pano ndikuphunzitsa Life Skills sitandade 7, mitu yake ndi yomweyi, kudzidziwa, kudzikhulupirira, kukana zokakamizidwa ndi anzako. Ana amaloweza bwinobwino nkukhoza mayeso koma kudzidziwa sikubwera ndi kuloweza, kumabwera mwana akayesa chinthu ndi manja ake nkuona kuti ichi ndimatha, ichi chimandikanika, ichi chimandisangalatsa ngakhale palibe wondiyamikira. Wakoyo wayamba kale yekha, kungoti anayambira pa chitenje cha eni.

Za tulo usamuweruze msanga. A zaumoyo amati kuyambira zaka 10 mpaka 19 thupi ndi ubongo zimakhala zikusintha kwambiri, tulo timabwera mochedwa kusiyana ndi ali mwana pomwe thupi likufunabe maola 8 mpaka 10, nde ukamudzutsa 4 koloko kuti asese pabwalo ndi kutereka madzi amadzuka ngati wamenyedwa. Komanso mbali ya kutsogolo ya ubongo, imene imamugwira munthu kuti taima kaye uganize, imakhwima mochedwa, mpaka cha m'ma 25 umo. Nchifukwa chake lumo linayamba kudula nzeru nkubwera pambuyo. Sindikuti asadzudzulidwe ayi, ndamuuza ndithu kuti akapepese agogo ake atagwada ndipo wapepesa ine ndili pompo. Foni ija unamutumizira nayonso ikumugoneka mochedwa, tagwirizana kuti ikamakwana 9 koloko izigona kuchipinda kwa agogo. Ananyinyirika koma wavomera.

Ndamulembera nambala ya 116 kuseri kwa kope lake, ija ya ulere yothandiza ana imene a bungwe la YONECO amayendetsa, kuti pakakhala chinthu chimene sangathe kuuza ine kapena iwe asachisunge yekha. Usadandaule, sindinaone choopsa chilichonse, za chibwenzi ndinamufunsa mozungulira anangoseka nkuti anyamata a m'kalasi mwake ndi ana.

Pali telala wina wachizimayi amasokera pakhonde la sitolo kufupi ndi kwathu kuno, ndacheza naye wavomera kuti mwanayo azibwera Loweruka m'mawa kudzaphunzira makina, bola sukulu isatsike. Ine ndaika lamulo loti akalephera mayeso a temu ino makina aima. Unesi sindikuutsutsa, mwina adzaufuna yekha, mwinanso chaka chamawa zosokazi adzazitaya nkuyamba zina, ana amatero, ifenso paja tinkafuna kukhala ma air hostess tisanaione ndi ndege yomwe pafupi. Ndikungodikira iwe uvomere, mwana ndi wako.

Ukaimba Lamulungu usayambe ndi chitenje chonde. Umuuze akuonetse kope lija pa vidiyo, ndipo pa tsamba lachitatu pali diresi limene walemba pansi pake kuti "la amayi akamadzabwera", ukaliona uzichita ngati sindinakuuze. Amayi ndawagulira chitenje china ku Limbe konko mtima wawo watsika, ndalama yake udzandibwezera Disembala pamodzi ndi mafuta odzola aja unandilonjeza chaka chatha, sindinaiwale.

Ndine mnzako wa pa mphasa ya chilangizo uja.