Kalata ya Abusa: Za Bulu Amene Anagwa Pachipata cha Tchalitchi

Okondedwa mwa Ambuye, akulu a mpingo, atumiki, amayi, abambo ndi achinyamata a m'miraga yathu yonse,

Chisomo kwa inu ndi mtendere zochokera kwa Mulungu Atate wathu ndi Ambuye Yesu Khristu.

Ndikulemba kalatayi mtima ukundiwawa. Lachinayi lapitali, dzuwa lili paliwombo, mmodzi mwa abulu awiri amene akhala akukoka ngolo ya njerwa kuchokera ku uvuni wathu kudambo anagwa pachipata cha tchalitchi. Chinanditulutsa m'nyumba ndi kulira kwa chikwapu. Ndinapeza mnyamata woyendetsa ngolo akukwapula nyama yoti sinkathanso kudzuka, anthu akuluakulu ataima pambali, ena akuseka. Ena mwa osekawo ndimawapatsa mgonero ndi manja angawa. Titamasula goli, pakhosi pa bulu panali chilonda chonyeka, ntchentche zitaunjikana. Unali ulendo wachisanu ndi chinayi tsiku limenelo, ndipo chiyambire mbandakucha anali asanamwe madzi. Usiku womwewo anafa.

"Wolungama asamalira moyo wa choweta chake, koma chifundo cha oipa ndi nkhanza" (Miyambo 12:10).

Ndamva kale zimene ena mukunena m'misika, kuti abusa akulira maliro a bulu ngati ndi m'bale wawo. Ndiloleni ndikuuzeni chifukwa chake, pakuti Lamulungu likubwerali, lachiwiri m'mwezi wa Novembala, dziko lonse likumbukira anthu amene anafa pa nkhondo zikuluzikulu ziwiri zija. Nkhata zamaluwa zikaikidwa pachipilala cha asilikali a King's African Rifles ku Zomba, malipenga akalira. Pali ena amene anapita kunkhondo zimenezo omwe lipenga siliwatchula.

Nyulu, achinyamata ambiri simunaionepo. Ndi mwana wa bulu wamwamuna ndi kavalo wamkazi, ndipo yokha siibereka. Imapirira njala kuposa kavalo, phazi lake silitsetsereka m'mapiri, ndiye chifukwa chake ankhondo akhala akuifuna kuyambira kalekale. Abisalomu pothawa anyamata a Davide anali pa nyulu, mutu wake n'kukodwa mumtengo, nyulu n'kupitirira. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 Angerezi ankagula nyulu zikwizikwi ku America n'kuziwolotsa nyanja m'sitima kuti zikasenze mfuti, zipolopolo ndi chakudya m'matope a ku France. Pa nkhondo yachiwiri, ku Burma, kumene asilikali athu a ku Nyasaland anakamenya mu 1944 m'chigwa cha Kabaw mvula ili pakati, nyulu ndizo zinkafika kumene galimoto inkalephera. Gulu la mkulu wankhondo Orde Wingate, lotchedwa Chindits, linkalowa mwakachetechete m'nkhalango kuseri kwa asilikali a Japan. Poopa kuti nyulu ikalira adani adziwa pamene ali, madokotala a ziweto ankazichita opaleshoni pakhosi kuti zisamatulutse mawu. Inkayasama kukamwa kuti ilire, kumangotuluka mpweya. Ndipo mu 1943, chakudya chitawathera, asilikali omwewo anapha zina mwa nyulu zawo n'kuzidya.

Ine sindiweruza msilikali wanjala. Sindikananso kuti nyulu zimenezo zinanyamula ovulala ambiri amene akadafera m'thengo, ndipo Ambuye mwini anati, "Nanga kuposa kwake kwa munthu ndi nkhosa n'kotani!" Munthu ndi woposa, pamenepo palibe mkangano. Koma mkangano wa mafumu a ku Ulaya ndi a ku Japan unali wa anthu. Nyulu sinayambane ndi wina aliyense, sinalandire malipiro, sinalonjezedwe mendulo. Ku London, pamsewu wa Park Lane, anamanga chikumbutso mu 2004: nyulu ziwiri zachitsulo zitasenza katundu wankhondo, ndi mawu pakhoma onena kuti nyamazi zinalibe mwayi wosankha. Zinatenga zaka pafupifupi 60 nkhondo yachiwiri itatha kuti anthu avomereze mawu ochepa chabe amenewo.

Tsono mverani gawo limene likutikhudza ife eni. Pa nkhondo yoyamba ija, imene makolo athu ankaitcha ya Chiwaya, imene inafika mpaka ku Karonga mu Seputembala 1914, akavalo, nyulu ndi ng'ombe zimene ankhondo anabweretsa kuno kummawa kwa Africa zinkafa ngati ntchentche chifukwa cha ntchentche zenizeni, za tsetse. Nyama imatha milungu ingapo basi, n'kugwa. Kodi nyama zitatha, akuluakulu ankhondo anati tiyeni tileke? Ayi. Anayang'ana uku ndi uku, naona makosi a agogo athu. Amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anatengedwa kukhala amtengatenga, ambiri mochita kugwidwa usiku m'midzi, kusenza katundu woposa makilogalamu 20 pamutu kulowera ku Tanganyika ndi ku Mozambique. Ankafa ndi kamwazi, njala ndi chibayo m'mbali mwa njira, ndipo manda a ambiri sakudziwika mpaka lero. M'busa John Chilembwe anaona kumene zinthu zinkalowera nkhondo itangoyamba, nalemba kalata kunyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914 kudandaula kuti anthu osauka akukafera mlandu wosaudziwa. Boma la nthawiyo silinafune kuti mawu akewo amveke. Kumeneko nakonso kunali kudula pakhosi.

Munthu amene wazolowera kuona cholengedwa chamoyo ngati chipangizo, chipangizocho chikathyoka salira, amangofuna china. Ndipo china chimene amachipeza pafupi ndi munthu wopanda mawu.

Mukuganiza kuti ndikunena zakale? Lachisanu m'mawa, bulu atangokwiriridwa, ndinaona mzere wa ana ukuchokera kudambo, nkhata pamutu, njerwa zinayi zinayi. Linali tsiku la sukulu. Wina mwa iwo ndi mtsikana wa Sitandade 8 amene akuyembekezera mayeso, wina ndi mwana wamasiye amene amakhala ndi agogo ake. Ndinayang'anitsitsa mzere wonsewo, sindinaonemo mwana ngakhale mmodzi wa amene anapereka lamulo loti ana asenze njerwa. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, kapena mwambiwu unatha ntchito tsiku limene tinayamba kumanga? Ndafufuzanso ndipo ndapeza kuti mnyamata woyendetsa ngolo tinapangana naye kumulipira pa ulendo, osati pa tsiku, ndipo takhala milungu itatu osamupatsa kalikonse. Dzanja logwira chikwapu linali lake, koma amene tinalikweza ndife. Ine ndemwe ndinasaina mgwirizanowo osauwerenga bwino, ndipo ndaulula kale zimenezi pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa akulu.

"Ndakuchitirani chiyani, kuti mwandipanda katatu tsopano?" Anatero bulu wa Balamu. Wathuyu Yehova sanamutsegule pakamwa, chifukwa pachipata paja panali akhristu oposa khumi okhala ndi pakamwa pawo. "Tsegula pakamwa pako, ukanenere wosalankhula" (Miyambo 31:8). "Ukaona bulu wa munthu wakudana nawe alikugona pansi ndi katundu wake, uzimthandiza ndithu" (Eksodo 23:5). Wa mdani ameneyo! Nanga amene akusenza njerwa za nyumba ya Mulungu?

Ndikudziwa kuti mitambo yayamba kusonkhana ndipo tonse tikufuna njerwa zifike mvula isanagwe. Inenso ndatopa kulalikira madzi akudonthera pa Baibulo. Koma ndibwino tipempherenso chaka china pansi pa malata akudontha kusiyana n'kulowa m'tchalitchi chimene maziko ake ali ndi magazi a nyama ndi misozi ya ana.

Choncho bwalo la akulu lagamula izi. Kuyambira lero palibe mwana wa sukulu amene asenzenso njerwa kapena mchenga wa mpingo, ngakhale Loweruka, pokhapokha kholo lake lili pomwepo likusenza nawo. Ngolo iliyonse yogwira ntchito yathu iziyamba m'mawa, ipume kuyambira 11 koloko mpaka 3 koloko, abulu amwe madzi pamjigo ndipo adye madeya. Lamulungu ngolo isayende, "kuti ng'ombe yako ndi bulu wako zipumule" (Eksodo 23:12). Goli la ng'ombe lisaikidwenso pakhosi pa bulu; khosi lake silinapangidwe monga la ng'ombe, iye amakoka ndi chifuwa. Alangizi a ziweto avomera kubwera Lachitatu nthawi ya 2 koloko masana kudzationetsa kasokedwe ka malamba a pachifuwa, ndipo aliyense amene ali ndi ngolo, wa mpingo uno kapena ayi, ndi wolandiridwa. Amayi amene muli ndi makina osokera, bwerani nawo pamodzi ndi masaka ndi mabulangete akale.

Mwini bulu uja si wa mpingo wathu, ndipo ngolo ndiyo inkadyetsa banja lake. Timubwezera bulu wina. Banja lililonse lipereke K3,000 kwa mtumiki wa mlaga wake pofika Lamulungu lomaliza la mwezi uno. Amene alibe ndalama abweretse ndowa ya madeya kapena chimanga. Msungichuma alipire ngongole yonse ya mnyamata uja mawa lisanafike dzuwa la masana, kuchokera m'thumba la zomangamanga. Abambo tonse, ine ndikhala patsogolo, tikumane ku uvuni Loweruka 5 koloko m'mawa ndi mawilibala. Amene munaseka pachipata paja mukudzidziwa, ndikufuna ndikakuoneni kumeneko muli oyamba.

Ambuye akudalitseni ndi kukusungani.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.