Kwa makolo onse: tatseka teremu, koma tikambeko za makalasi a pa intaneti aja

Okondedwa makolo ndi nonse amene mukulera ana athu,

Moni nonse. Teremu yatha, malipoti ana abwera nawo, ndiye za magiredi sindinenapo zambiri aphunzitsi alemba kale mmenemo. Ine ndati ndikambe chinthu chimodzi chomwe chandisowetsa mtendere teremu yonseyi, makalasi a pa intaneti.

Titakhala pansi ndi aphunzitsi kuona mayina a ana omwe amaoneka ngati akujomba, tinapeza kuti ambiri sikunali ulesi ayi. Mwana amakhala wakonzeka ndithu nthawi yake, kope lili pambali, koma linki yakana kutseguka, kapena akuwaona aphunzitsi milomo ikuyenda mawu osamveka, ndiye amangokhala duu osauza munthu poopa kuti anenedwa waononga foni ya bambo ake. Zimenezi zinandikhudza kwambiri, chifukwa ena tinawakalipira ife tomwe tisanafunse bwinobwino. Chonde mwana akati zakanika, yambani mwamukhulupirira kaye, kenako muonere limodzi.

Choyamba nchosavuta, zimitsani foni kapena kompyuta nkuyatsanso. Ngati ndi netiweki yomwe ikuvuta, yatsani airplane mode kwa kamphindi nkuithimitsa, foni imasakanso netiweki mwatsopano. Amene muli ndi Wi-Fi zulani rauta (kabokosi kopereka Wi-Fi kaja) pa magetsi, dikirani masekondi 30, lumikizaninso. Zambiri zimathera pompo.

Koma lomwe latizunza kwambiri ndi la maakaunti. Foni imodzi mumapezeka muli Gmail ya mayi, ya mchimwene wake, ndi ya sukulu ya mwanayo, ndiye akadina linki ya Google Classroom foni imatsegula ndi akaunti yomwe yazolowera, basi nkulemba kuti mulibe chilolezo kapena kalasiyo sikupezeka. Mwana amaganiza kuti tamuchotsa mkalasi, ena mpaka kulira. Sitinachotse aliyense. Dinani kachithunzi kozungulira kali pakona pamwamba, musankhe akaunti ya sukulu, mudinenso linki ija. Pasiwedi nayonso imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, ndipo foni imakonda kuika yokha chilembo chachikulu koyambirira kapena kampata kumapeto, ndiye lembani pang'onopang'ono mutadina kadiso kaja kuti muziona zomwe mukulemba. Ikakana kawiri katatu musalimbane nayo, tiuzeni tikupatseni ina. Ndinenenso pano kuti palibe mphunzitsi amene angakupempheni pasiwedi kapena nambala yachinsinsi yobwera pa meseji, wina akatero ngakhale atatchula dzina la sukulu musampatse.

Za mawu. Pa Zoom kulowa mkalasi sikutanthauza kuti mawu alowanso, pamafunika kudina Join Audio, pa foni nkusankha Wifi or Cellular Data, apo ayi mwana azingoonera ngati kanema wa osayankhula. Ngati iye akumva koma aphunzitsi sakumumva, onani kamaikolofoni ngati kali ndi mzere wofiira, ndiye kuti ali pa mute. Kakakhala kotsegula koma zii, pitani ku Settings, Apps, mupeze apuyo, pa Permissions mulole maikolofoni ndi kamera, nthawi zambiri munthu anadina kukana tsiku loyamba osadziwa. Onaninso Bluetooth, mawu amatha kumapita ku sipika kapena mahedifoni omwe ali chipinda china inu mukukweza voliyumu mpaka kumapeto. Ndipo ana awiri akalowa kalasi imodzi ndi mafoni awiri atakhala moyandikana pamabwera kulira kuja kolasa mmakutu kalasi yonse nkusokonekera, onse awiri avale mahedifoni kapena agwiritse foni imodzi basi.

Kalasi ikaduka yokha pakati musadandaule kuti bandulo yatha. Zoom yaulere imadula pakatha mphindi 40, mwana angodinanso linki yomweyo, aphunzitsi amakhala akudikira.

Tsopano data, pajatu apa ndi pomwe ambiri mwandidandaulira ndipo ndikumvetsa. Chimadya kwambiri ndi chithunzi, mawu sadya zambiri. Ndawauza aphunzitsi kuti mwana akapereka moni nkuitanidwa dzina aziloledwa kuthimitsa kamera, ndipo izi zimathandizanso netiweki ikakhala yofooka, mawu amasiya kudukaduka. Mavidiyo ojambulidwa kale musawasiye pa 720p kapena 1080p (manambala osonyeza kuoneka bwino kwa chithunzi, akakwera data imadyekanso kwambiri), dinani kachizindikiro kooneka ngati giya pa vidiyopo musankhe 360p, mphunzitsi amamveka chimodzimodzi, kupatula ngati zolemba pa bolodi zikuoneka mbuu ndiye mukweze pang'ono pa 480p. Mukapeza Wi-Fi dawunilodani zophunzira za sabata yonse mwana aziwerenga popanda intaneti. Komanso tsekani ma apu ena nthawi ya kalasi, Facebook, TikTok ndi ma update amadya mobisa kumbuyoku inu osadziwa.

Pali kena kamene ngakhale ine sindimakadziwa mpaka mphunzitsi wathu wa kompyuta atandionetsa. Foni ikasokoneza deti ndi nthawi, makamaka ikakhala nthawi yaitali batire itatheratu, Chrome imakana kutsegula masamba nkumalemba kuti Your connection is not private. Anthu amaopa kuti ndi vairasi. Nthawi zambiri ndi deti chabe, pitani pa Date and time muike kuti izidzikonza yokha. Tsamba likamangozungulira osatseguka kapena likuonetsa zakale, fufutani cache ya Chrome (zidutswa za masamba zomwe Chrome imasunga mufoni kuti azitseguka msanga), osaopa zithunzi zanu sizichoka. Foni ikadzadza nayonso imakana kudawuniloda ngakhale PDF yaing'ono, ndipo chodzadzitsa kawirikawiri ndi mavidiyo a mmagulu a WhatsApp omwe amalowa okha.

Homuweki ndiye yandipweteka mtima kuposa zonse. Ana angapo analemba ntchito yabwino, anaijambula, anaikweza pa Google Classroom, koma sanadine Turn in, mafoni ena amalemba Hand in, ndiye kwa mphunzitsi imaoneka ngati sinaperekedwe. Tabwereramo nkuwachongera, koma teremu ikubwerayi chonde muzifunsa kuti wadina batani lomaliza lija? Pojambula kope ajambulire powala, foni ili chilili pamwamba pa tsamba, apukute kamera ndi kansalu, chifukwa zina zimabwera zosawerengeka nkomwe.

Mukayesa zonsezi zikakanabe, jambulani sikilinishoti ya zomwe foni yalemba mutumize kwa mphunzitsi wa kalasi tsiku lomwelo, mutchule dzina la mwana, mtundu wa foni ndi nthawi yomwe zachitika. Kungoti sizikutheka kumatisiya mmalere sitidziwa poyambira. Mwana amene kholo lake latidziwitsa sitimulemba kuti wajomba, ndipo timtumizira notsi za tsikulo.

Pa tchuthipa pezani tsiku limodzi mupange update Zoom, Chrome ndi Classroom, mwana ayese kulowa mu akaunti yake sukulu isanatsegulidwe, osadikira mmawa wa tsiku loyamba. Tsiku lotsegulira lalembedwa pa lipoti, ndipo sabata yoyambayo amene zikukuvutanibe bwerani ndi foniyo ku ofesi tidzakonzere limodzi.

Zikomo kwambiri chifukwa chobwereketsa mafoni anu kwa anawa teremu yonse, ndikudziwa kuti ena mumatsala opanda foni tsiku lathunthu. Mupume bwino.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu