Kukaona linga la Asen ndi Bachkovo, yambani ndi phiri

Akonzi,

Ndipatseniko malo ndilangize amene angafike ku Plovdiv, m'dziko la Bulgaria, n'kufuna kuona mabwinja a linga la Asen ndi nyumba ya amonke ya Bachkovo tsiku limodzi. Ulendowu ndi wotheka, koma ambiri amauyambira kolakwika: amathamangira ku Bachkovo m'mawa, n'kukafika ku linga dzuwa lili paliwombo, miyendo itatha kale.

Yambani ndi linga. Kuchoka ku Plovdiv kufika ku Asenovgrad, tawuni ya pafupi ndi lingali, ndi makilomita pafupifupi 20, ndipo sitima imayenda mphindi ngati 30. Kuchoka m'tawuniyo ndi chikweza cha makilomita awiri kapena atatu. Wapansi awerengere ola limodzi, apo ayi akwere takisi. Lingali lili pa thanthwe, pamwamba pa mtsinje wa Chepelare m'mapiri a Rhodope, ndipo mfumu Ivan Asen II inalikonzanso mu 1231. Makoma ambiri anagwa, chimene chidaimabe chathunthu ndi tchalitchi cha nsanjika cha Mayi Maria. Vuto lili pa miyala ya pamakwerero. Yapondedwa kwa zaka mazana mpaka yasalala, kotero kuti kamvula pang'ono kokha imaterera koopsa, makamaka potsika. Valani nsapato zogwira pansi, osati mapatapata, ndipo m'chilimwe munthu aliyense anyamule madzi lita imodzi ndi theka.

Mukatsika, gwirani basi yolowera ku Smolyan. Bachkovo ili makilomita ngati 10 kummwera. Musanalowe, funsiranitu nthawi ya basi yobwerera, chifukwa mabasiwa amachokera kutali ndipo madzulo angafike atadzaza kale.

Nyumba ya amonkeyi anaiyambitsa Gregory Pakourianos, mkulu wa asilikali a ufumu wa Byzantium, mu 1083, ndipo m'dzikomo ndi yachiwiri kukula pambuyo pa nyumba ya amonke ya Rila. Tchalitchi chachikulu ndi cha 1604. Anthu amapempheramo mpaka lero, choncho phimbani mapewa ndi mawondo, muzimitse foni, ndipo musajambule m'tchalitchi. Pa 15 August, tsiku la phwando la Mayi Maria, mzere wokagwadira chithunzi chake umatalika kwambiri. Amene akufuna bata asankhe tsiku lina.

Chimene chimandiwawa n'chakuti alendo ambiri amathera nthawi pamisika ya uchi ndi jamu m'kanjira kopita pachipata, n'kuphonya nyumba yosungiramo mafupa a amonke. Ili kunja kwa mpanda, mamita 300 okha, ndipo ndi yokhayo yotsala pa zomangidwa zoyambirira. M'makoma ake muli zithunzi zopakidwa zaka mazana asanu ndi atatu zapitazo, nkhope za oyera zikuonekabe. Kawirikawiri imakhala yokhoma, motero mukangofika funsani kaye za kiyi musanaone china chilichonse.

Ndine,
Wowerenga wanu